Chitini Cholembedwa GIFT

1. Bokosi lochokera kudoko

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo ukwati wa Clotilda unali m'mawa mwake. Pakhomo pa bambo ake, a Sebastiano, mmisiri wa matabwa wa ku Port Herald, panalibe wokhala pansi. Amayi ena ankapuntha mpunga, ena ankasefa chimera, ena ankasonkhezera moto kunsi kwa mbiya zikuluzikulu za thobwa. Dzuwa la kuchigwa linali litayamba kale kubaya pamsana.

Eni khomo kunalibe. Anali atalawirira ku Malemia kukatenga mbuzi ziwiri za paphwando, ndipo zonse anasiyira akazi awo, mayi Juliana.

Clotilda anali ndi mng'ono wake, Otilia, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Otilia anaphunzira zaka zinayi kusukulu ya mishoni ya kumapiri, ndipo m'mudzi monsemo ndiye yekha ankawerenga Chingelezi. Munthu akatola pepala panjira, kapena akaona zilembo pa thumba la thonje, ankathamangira kwa iye. Mtsikanayu anali wochangamuka ndi wokonda kuthandiza. Vuto lake linali limodzi: mawu akuti “sindikudziwa” anali asanatulukepo m'kamwa mwake chibwerere kusukulu.

Dzuwa litakwera pang'ono, pabwalo panatulukira amuna awiri atanyamula bokosi pamtengo.

“Odi kuno! Katunduyu wachokera kwa Bwana Alivoseni, kusitima,” anatero mmodzi wa iwo. Anatula bokosilo, anamwa madzi, n'kubwerera.

Dzina lenileni la mzunguyo linali Halvorsen, koma malilime a kudoko analiwongola kuti liziyenda bwino. Iye ndiye ankasamala makina a sitima ya pamadzi imene inkanyamula thonje kuchokera ku Port Herald kupita ku Chinde. A Sebastiano ankamukonzera matabwa a m'sitimamo, ndipo awiriwa anasanduka mabwenzi. Pa ukwatiwu mzunguyo anali ataitanidwa.

Amayi onse anasiya misi ndi zipande, n'kuzungulira bokosi. Mayi Juliana anatulutsa nsalu yofiira ya maluwa, ntchemberezo n'kululutira. Anatulutsa ketulo yonyezimira, nthungululu n'kuwonjezeka. Pansi penipeni panali zinthu ziwiri: phukusi la pepala lomangidwa ndi chingwe, ndi chitini chotsekedwa zolimba. Zonse ziwiri zinali ndi zilembo zazikulu za dzanja.

“Otilia! Bwera udzatiwerengere,” anaitana mayi ake.

Otilia anapukuta manja pa nsalu yake, anthu n'kumupatsa njira. Anayamba ndi phukusi. Panalembedwa kuti BARN.

“Awa ndi mawu apafupi,” anatero. “Barn ndi nyumba yosungiramo zokolola. Ili m'buku lathu lachiwiri, ndi chithunzi chomwe. Phukusili ndi la m'nkhokwe. Kaikeni m'nkhokwe.”

Kenaka ananyamula chitini. Panalembedwa kuti GIFT, ndipo m'munsi mwake munali timitanda titatu.

“Gift ndi mphatso. Timitandati ndi madalitso. Iyi ndiyo mphatso yeniyeni ya mkwatibwi.”

“Mwanayu koma! Akuwerenga ngati akumwa madzi,” anatero mayi Esinala, alamu ake a mayi Juliana.

Mayi Juliana anakanula chivundikiro ndi nsonga ya mpeni. M'katimo munali zinthu zoyera mbee, zosalala kuposa ufa wa mpunga.

“Ndi shuga wa kwawo,” Otilia anagamula. “Wa Azungu amakhala wosalala chonchi.”

Mayi Esinala anali atatambasula kale chala kuti alawe, koma mayi Juliana anawamenya padzanja kuti phaa!

“Alamu, chala chanucho ndimachidziwa. Chikalowa kamodzi, chitini chitsala theka. Shugayu alowa mu thobwa la alendo, likazizira masana ano. Pakali pano palibe wolawa.”

Onse anaseka. Chitini chinatsekedwa, chinakaikidwa pamwamba, pa phaso la nyumba, pamene mwana sangafikire.

2. Mawu a pansi pa mtondo

Pansi pa mtondo panakhala a Lorenso, mlongo wa mayi Juliana, amuna awo a mayi Esinala. Anali nkhalamba ya ku Mlolo imene inatha zaka makumi atatu ikupalasa ngalawa za amalonda mu Shire ndi mu Zambezi. Tsikulo ankasoka ukonde, koma makutu awo anali pabokosi paja.

Otilia akudutsa ndi mtsuko, anamukodola.

“Mphwanga, tula kaye madziwo.”

“Ndamva, atsibweni.” Anagwada pambali pawo.

“Wawerenga bwino, ndipo tonse tanyadira. Koma ndikufunse: mawu aja wawerenga m'chilankhulo chanji?”

“M'Chingelezi, atsibweni.”

“Nanga amene analembayo analemba m'chilankhulo chanji?”

Otilia anamwetulira. “Si Mzungu kodi? Si Mpwitikizi. Ndiye kuti ndi Mngelezi.”

A Lorenso anaika singano pansi.

“Tamvera. Ine ndili mnyamata ndinagwira ntchito pakhomo pa Mpwitikizi wina ku Sena. Chilankhulo chawo ndinali ndisanachigwire. Tsiku lina ndinamva abwana akukuwa m'nyumba, akuloza khoma: ‘Mata! Mata!’ Ine ndinati zimenezo ndiye zosavuta, kumata ndinaphunzira kwa amayi. Ndinathamangira kudambo, ndinakumba dothi, ndinaliponda bwinobwino, ndinabwera nalo m'dengu kudzamata khoma. Ndinapeza abwana ali pamwamba pa tebulo, mphiri ili pansi pake. Kwa iwo mata ndiye kuti ipha. Ankati ndiphe njoka, ine ndili kalikiliki kuponda dothi.”

Otilia anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Lorenso anamudikira kuti athe.

“Seka, pakuti njokayo sinalume munthu. Ikanaluma, bwenzi lero ndikusimba ndi misozi. Mawu, mphwanga, ali ngati anthu: ena amafanana nkhope koma si apachibale. Ngakhale kwathu konkuno, kamba ndi kanyama ka chigoba, kamba ndi chakudya cha paulendo. Mtengo ndi uwu tatsamirawu, mtengo ndi wa pamsika. Ife sitisokonezeka chifukwa tinabadwira momwemo. Tsono iwe wangolowa dzulo m'mudzi wa zilankhulo za eni, ndipo ukulonjera aliyense ngati ukumudziwa.

“Ndikuuzenso china. Alivoseni ndinamumvapo makina ake atamuvuta. Zimene ankalalata sizinali Chingelezi. Angelezi ndawanyamula ambiri m'ngalawa, kulalata kwawo ndimakudziwa. Munthu akapsa mtima, kapena akamalankhula yekha, amabwerera ku chilankhulo cha amake. Azungu ali mitundumitundu monga ife. Msena si Mmang'anja, Mmang'anja si Myao, ngakhale onse amwe madzi a mtsinje umodzi.

“Ine kuwerenga sindidziwa, ndipo sindikuti walakwa. Ndikungoti doko lili pafupi, mwini bokosi ali moyo, pakamwa ali napo. Safunsa anadya phula.”

“Ndamva, atsibweni,” anayankha Otilia. “Koma mawu amenewa aphunzitsi anatilembera pa bolodi. Gift ndi mphatso. Sangasinthe chifukwa chokwera sitima.”

Anasenza mtsuko wake n'kumapita. A Lorenso anapukusa mutu, anatola singano yawo.

3. Zitoliro za m'nkhokwe

Masana atakwana, kuseri kwa nyumba kunamveka phokoso lachilendo. Pyee! Pyee! Pyoo! Nkhuku zinabalalika, galu anayamba kuuwa.

Kunatulukira ana asanu ali pamzere ngati asilikali a ku boma, aliyense akuliza chitoliro cha chitsulo. Patsogolo panali Priska, chitsiriza wa mayi Juliana, masaya atatupa ndi maswiti, kamwana kachidole kali kumsana.

“Mwazitenga kuti zimenezi?” anafunsa mayi Juliana.

“M'nkhokwe,” anayankha Priska mosaopa. “M'phukusi muja. Limanunkhira.”

Anabwera nalo pepala lija. Munali mutatsala maswiti atatu ndi mpira waung'ono. Mbewu munalibe, msampha munalibe, chilichonse cha m'nkhokwe munalibe.

“Kani makoswe a kwa Azungu amaliza zitoliro?” anatero mayi Esinala. “Ndiye ali pabwino. Athu kuno amangodziwa kudya mapira.”

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Otilia yekha sanaseke. Anatola pepala lija, anayang'ananso zilembo. Zinali zomwe zija, B, A, R, N, monga za m'buku lachiwiri. Koma za m'kati zinali za ana.

Nthawi yomweyo mayi ake anaviika chala mu mbiya.

“Thobwa lazizira. Otilia, ndiwe wamtali, katsitse shuga uja.”

Otilia analowa m'nyumba, anakwera pa mtondo wosinjira, anatsitsa chitini. Atatuluka anapeza amayi onse ataima mozungulira mbiya, mthiko uli kale m'manja mwa mayi Esinala. Clotilda naye anali atasuzumira pakhomo, ngakhale mkwatibwi sankayenera kuonekera.

Otilia anayenda mpaka pa mbiya. Anaima. Chitini anachikumbatira pachifuwa.

“Bweretsa, mwanawe,” anatero mayi ake.

“Mayi, musathire.”

“Wati chiyani?”

“Musathire. Ndikufuna ndikafunse kaye kudoko.”

“Ukafunse chiyani? Si iwe wati ndi mphatso?”

“Ndinatero. Ndinatinso phukusi lija ndi la m'nkhokwe.” Mawu ake anatsika. “Chimene chili m'chitinimu sindikuchidziwa, mayi.”

Kenaka mayi Esinala anaomba m'manja kamodzi.

“Imvani zimenezo! Zaka zinayi kumapiri, lero akuti sakudziwa. Mamawa anali mphunzitsi wa tonsefe. Nanga tikadikira, thobwali lisasa. Ndipatse kuno, ndilawe ine, ndikuuze ngati ndi shuga.”

“Pepani, mayi, sindikupatsani.”

Atsikana anzake amene ankatunga madzi anayamba kunong'onezana ndi kuseka chakumbali. Koma Otilia chitini sanachisiye. Anatembenukira kumtondo.

“Atsibweni, ndiperekezeni kudoko.”

A Lorenso anali ataimirira kale, ndodo ili m'manja.

“Mlongo,” anauza mayi Juliana, “mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uyu watuluka. Msiye apite. Thobwa silithawa.”

4. Pa thabwa la kudoko

Kudoko kunali piringupiringu. Amuna ankasenza mitolo ya thonje akuimba nyimbo za Chisena, ena ankalongedza nkhuni za moto wa sitima. Sitimayo inali itakocheza m'mbali mwa mabango, gudumu lake lalikulu la kumbuyo lili chete.

A Lorenso anatuma munthu kuti akaitane mzunguyo. Patapita kanthawi, Halvorsen anatuluka m'chipinda cha makina. Anali wamtali, wa ndevu zofiirira, manja ali bii ndi mafuta. Ataona alendowo anamwetulira. Ataona chitini, kumwetulira kunathera pomwepo.

Anatsika pa thabwa lokwerera mothamanga, anatsala pang'ono kugwera m'madzi.

“Ichi wachitenga kuti?” anafunsa m'Chingelezi.

“Chinali m'bokosi limene munatumiza, bwana,” anayankha Otilia.

“Bokosi lapita kale? Ndani wadya? Alipo wadya? Alipo walawa?”

“Palibe. Tinangotsekula, n'kutsekanso.”

“Ngakhale mwana? Ngakhale kunyambita?”

“Ngakhale mmodzi.”

Mzunguyo anakhala pansi pa mtolo wa thonje, anavula chipewa, anapukuta thukuta mpaka chipumi chonse chinada ndi mafuta. Analankhula yekha mawu angapo achilendo. A Lorenso anagwedeza Otilia ndi chigongono.

“Wamva? Chimenechi ndicho cha amake.”

Mtima utakhala pansi, Halvorsen anafotokoza, Otilia akumasulira atsibweni ake. M'chitinimo munali mankhwala ophera makoswe. A Sebastiano anali atamudandaulira kuti makoswe atha mapira m'nkhokwe, ndipo iye analonjeza kuwapatsako mankhwala a m'sitima. Bokosilo ankafuna kubwera nalo yekha kuti adzafotokoze chilichonse. Zilembo zija anangodzilembera mwini kuti asasokoneze. Koma m'mawa makina anavuta, ndipo antchito ake, pofuna kumuthandiza, ananyamula bokosi osamuuza.

“Kadzanja kamodzi ka mankhwalawa kakhoza kugoneka anthu onse a pa ukwati,” anatero.

Otilia anaika chitini pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja ake kawirikawiri.

“Koma bwana, palembedwa kuti gift. Gift ndi mphatso.”

“M'Chingelezi, inde. Koma ine si Mngelezi, mwanangu. Kwathu ndi ku Norway, kumpoto kutali, kumene madzi a m'nyanja zing'onozing'ono amauma n'kuzizira mpaka anthu kuyenda pamwamba. Kwathuko, ndiponso kwa anansi athu a ku Sweden ndi ku Denmark, gift ndi chiphe. Timitanda titatuto ndi chenjezo la imfa.”

“Nanga barn?”

“Barn ndi ana.”

Otilia anagwira pakamwa. “Ndiye kuti za ana ndinazitumiza kunkhokwe, za kunkhokwe ndinati zipite kwa anthu.”

Atawamasulira a Lorenso, nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Halvorsen naye anayamba kuseka. Anatola khala la moto wa sitima, anakoka thabwa, n'kulembapo mawu ena.

“Werenga awa.”

“And. Ndiye kuti ndi, polumikiza mawu.”

“Kwathu and ndi bakha.” Analemba ena. “Awa?”

“God. Mulungu.”

“Kwathu god ndiye kuti chabwino, chokoma. Nsomba ikakoma timati god. Nanga awa?”

Panalembedwa kuti TIME. Otilia anatsekula pakamwa, kenaka anatseka.

“M'Chingelezi ndi nthawi,” anatero mosamala. “Kwanu sindikudziwa.”

“Eya! Tsopano wayankha ngati munthu wophunzira. Kwathu time ndi ola limodzi. Zilembo n'zomwezo, katchulidwe n'kosiyana, tanthauzo n'losiyana. Usachite manyazi kwambiri. Ine ndili ndi zaka ngati zako ndinalowa ntchito m'sitima ya Angelezi. Pa Khirisimasi mkulu wa sitimayo anandipatsa kaphukusi kolembedwa kuti gift. Ndinakanyamula ndi zala ziwiri, ndinapita kumapeto kwa sitima, ndinakaponya m'nyanja, n'kubwerera kudzamuuza kuti ntchito ndagwira. Munali masokosi a ubweya ndi mpeni watsopano. Mpaka lero mpeni umenewo umandiwawa.”

Anatenga chitini chija, anakachitsekera m'sitima. Anasamba m'manja, anauza Otilia kuti asambenso ndi sopo kawiri, kenaka anati, “Tiyeni kwanu. Kulakwa kwakukulu ndi kwanga. Ndikapepese ndekha.”

5. Mawu amodzi, matanthauzo atatu

Atafika anapeza a Sebastiano atangobwera kumene, mbuzi ziwiri zili pachingwe. Anthu anali atachuluka, pakuti mbiri ya chitini inali itazungulira mudzi.

Otilia sanadikire kuti mzungu kapena atsibweni ake amulankhulire. Anapita pakati pa bwalo, anagwada pamaso pa makolo ake.

“Bambo, mayi, ndi inu nonse, ndinalakwa. Ndinawerenga zilembo, koma sindinafunse kuti ndi za chilankhulo chanji. M'chitini muja simunali shuga. Munali mankhwala a makoswe. Mukanathira, bwenzi mawa kuno kuli maliro.”

Mayi Juliana anangoti khu, kukhala pansi pomwe anaimapo. Mayi Esinala anayang'ana chala chawo cha mkombaphala kwa nthawi yaitali, kenaka anachibisa kunkhwapa.

“Alamu,” anatero, “kofi lija munandimenya mamawa, ndimenyeninso lina. Takhuta, zikomo kwambiri.”

Halvorsen anapepesa m'Chisena chake chothyokathyoka. Anaitanitsa mpeni umene unakanula chitini, anautsuka yekha ndi mchenga ndi madzi ambiri kutali ndi mbiya, n'kukwirira madziwo m'dzenje.

A Sebastiano anamangirira mbuzi, anabwera kudzaima pafupi ndi mwana wawo. Anali munthu wa mawu ochepa, wobadwira kutsidya, ku dziko la Apwitikizi.

“Dzuka, Otilia. Tamvera, ndipo atsikana inu mukusekanu mumvenso. Ine ndikamapala thabwa ndimayeza kawiri ndisanadule. Sikuti maso anga ndi ofooka ayi. N'chifukwa choti thabwa likaduka silibwerera. Mwanayu mamawa anadula osayeza, ndipo zimenezo n'zoipa. Koma masana ano anaima pamaso pa anthu amene ankamutama, n'kunena kuti sakudziwa. Akuluakulu ambiri a ndevu zawo sangathe zimenezo. Angalole mudzi uthe kusiyana n'kuti anthu awaseke. Sukulu tinamutumiza kuti akaphunzire kuwerenga, ndipo anaphunzira. Kufunsa waphunzira lero, pakhomo pano. Tsono kuyambira lero, amene wabwera ndi pepala kwa Otilia asadabwe akamva kuti ‘dikirani ndikafunse.’ Ameneyo ndiye wowerenga amene ine ndingamukhulupirire.”

Anthu anavomereza. Mayi Juliana anadzuka, anamukoka Otilia khutu pang'ono, kenaka anamukumbatira.

Clotilda anali atatulukiratu m'nyumba, mwambo atauiwala. Halvorsen atamuona anaseka.

“Pali chinanso chimene sindinakuuze,” anatero kwa Otilia. “Kwathu mawu omwewa ali ndi tanthauzo lachiwiri. Munthu akakwatira kapena kukwatiwa timatinso ali gift. Mawa dzuwa likamalowa, mkulu wakoyu adzakhala gift.”

Otilia atamasulira, a Lorenso anamenya ndodo pansi.

“Imani kaye! Mukuti kwanuko ukwati ndi chiphe ndi mawu amodzi?”

“Amodzi, zilembo zake zomwezo.”

“Anthu a kwanu ndi anzeru zedi. Ine zimenezi zinanditengera zaka makumi atatu kuti ndizizindikire.”

Mthiko wa mayi Esinala unawapeza paphewa asanatseke pakamwa.

“Chiphe chimenechi n'chimene chakunenepetsani chonchi! Mukadye kwa Alivoseni lero.”

Chiseko chinamveka mpaka kumsewu. Clotilda anathawira m'nyumba atagwira kumaso. Thobwa analisiya momwemo, ndipo amene analawa anati chimera chokha chinali chitalitsekemeretsa mokwanira.

6. Pempho la Alivoseni

Ukwati unayenda bwino. Mkwati, Tomasi, mnyamata wogwira ntchito pa njanji, anabwera ndi abale ake ambiri moti mpunga unaphikidwa kawiri. Ng'oma ndi valimba zinalira tsiku lonse, zitoliro za ana zikulowerera pena paliponse. Halvorsen anayesa kuvina utse, ndipo amayi anachita kugwirana kuti asagwe ndi chiseko. Aliyense womwa thobwa ankayamba wafunsa kuti, “Kodi muli mphatso umu?”

Dzuwa litapendeka, alendo atayamba kuchepa, mzunguyo anapempha kuti alankhule ndi a Sebastiano pansi pa mtondo. A Lorenso analipo. Otilia anaitanidwa kuti amasulire.

“Mkazi wanga wafika ku Chinde kuchokera kwathu,” anayamba Halvorsen. “Chingelezi amachidziwa bwino, koma chilankhulo cha kuno sadziwa ngakhale moni. Kumsika amangoloza ndi chala. Ndikufuna munthu woti akakhale naye miyezi isanu ndi umodzi, azimuphunzitsa Chimang'anja ndi Chisena. Mkazi wangayo ndi mphunzitsi, ndipo adzamuphunzitsa munthuyo Chingelezi chozama, masamu, ndi chilankhulo chathu ngati angafune. Owerenga ndawaonapo ambiri m'madoko muno. Ine ndikufuna amene amati akakayika amafunsa.”

Otilia anamasulira bwinobwino mpaka pakati. Atazindikira kuti munthu wonenedwayo ndi iye mwini, mawu omaliza anatuluka ngati kunong'ona.

A Sebastiano anapukusa mutu.

“Nkhabe,” anatero. “Ayi. Lero ndapereka mwana mmodzi. Sindingapereke awiri sabata imodzi. Ku Chinde n'kunyanja ya mchere, ulendo wa masiku. Mtsikana akadwala kumeneko, amuona ndani?”

“Alamu, musafulumire,” anatero a Lorenso. “Ku Chinde ine ndafikako kosawerengeka, ndipo kuli abale athu. Mwayi wotere subwera kawiri. Mwanayu apite.”

“Kwathu ku Sena mwana ndi wa bambo ake.”

“Kuno kwa Amang'anja mbumba ndi ya atsibweni. Munakwatira kuno, alamu.”

Anayang'anizana amuna awiriwo, wina osaphethira, mnzake osaphethira. Halvorsen sanamve mawuwo, koma nkhope anaziwerenga. Anaimirira, anavala chipewa chake.

“Sitima inyamuka Lolemba m'mawa, madzi asanatsike,” anatero. “Ikachoka, sibweranso kuno mpaka mvula ya chaka chamawa.”

Otilia anamasuliranso zimenezo. Mayi Juliana, amene anali atafika mwakachetechete ndi chikho cha thobwa, anachiika pansi.

“Inu mukuti ndi wa bambo, inu mukuti ndi wa atsibweni,” anatero. “Amene anamunyamula miyezi isanu ndi inayi simunamufunse. Mwini wake wa ulendowo simunamufunsenso.” Anatembenuka. “Otilia, usamasulire za wina aliyense tsopano. Iweyo ukuti bwanji?”

Onse anayi anamuyang'ana.